Chisamba cha a Ndinaneneratu

Tandiyankhani ichi, inu amene mumati sukulu munafika nayo patali: ana a mayi mmodzi, anabadwa tsiku limodzi, amagona bwalo limodzi, amayenda njira imodzi, koma wonenepa ndiye amayamba kukalamba, woonda n'kutsala akudya bwino pa maliro a mnzake. Ndani amenewo? Mwati ana a nkhumba? Ayi pepani, nkhumba yonenepa siifa ndi ukalamba, imafa ndi mpeni. Mwagonja? Musachite manyazi. Ndi nyenyezi.

Kumwambaku kuli nyenyezi zimene zimakhala m'magulu. Magulu ena ndi othinana ngati anthu a mu basi ya m'mawa, koma ena ndi otayana, aliyense ali ndi mpata wotambasulira miyendo, ndipo otayanawa ndiwo akatswiri amawakonda ngati mwana womaliza. Nyenyezi za gulu lotere zinabadwira pamodzi mu mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi, zili pa mtunda umodzi kuchokera kuno, ndipo ulendo wawo ndi umodzi. Zimasiyana kulemera basi. Yolemera imasonkheza moto wake mosasamala ngati nkhuni ndi za eni, posakhalitsa n'kufufuma, n'kufiira, n'kufa. Yopepuka imayaka moumira, n'kukhalitsa. Ndiye munthu ukafuna kudziwa zaka za banja lonse suvutika, umangoona kuti ukalamba wafika pa mwana uti.

Ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa a Ndinaneneratu.

Ankagwira ku nyumba yofufuzirako za nyenyezi, nyumba yosanja yokhala ndi telesikopu yakale padenga imene nkhunda zinailanda kalekale popanda wodandaula. Amene amaganiza kuti akatswiri a nyenyezi amakhalira kuyang'ana kumwamba sanawaone. Amayang'ana pansi, masanasana, makosi atapinda pa kompyuta ngati anthu osankha nyemba zofumbwa. Zithunzi zimachita kubwera kuchokera ku matelesikopu akutali, iwo n'kumayeza kuti iyi ikuwala bwanji, iyo ndi ya mtundu wanji.

Dzina lawolo sanabadwe nalo. Analipeza pa ntchito pomwepo, ndi thukuta lawo. Babu likapsa pa masitepe, iwo, “Ndinaneneratu.” Katswiri wa dziko lina akatulukira chinthu chatsopano, iwo, “Ndinaneneratu, kungoti panalibe wolemba.” Tsiku lina mphaka anaberekera mu kabati ya mapepala, ndipo ngakhale mphakayo sankadziwa kuti ali ndi pakati, a Ndinaneneratu anali ataneneratu. Msinkhu Mulungu anawamana, koma mawu anawapatsa ndi mbasela yomwe.

Pa khoma la ofesi yawo panali chithunzi cha m'galasi. Akatswiri otchuka a dziko lonse lapansi ataima m'mizere pa msonkhano waukulu, ndipo kutsogolo kwa onse, wamkulu kuposa onse, mutu utapitirira ngakhale a mzere wakumbuyo, a Ndinaneneratu. Mlendo aliyense ankayamba wapatsidwa chithunzicho asanapatsidwe mpando. “Anzanga awa,” ankatero, akupukuta galasi ndi mkono wa jekete. “Anandikakamiza kuima patsogolo. Ine sindinkafuna.” Wojambula chithunzicho anali akazi awo, amene anapita nawo ku msonkhanowo, ndipo nkhani yake ikayamba mayiwo ankagwidwa ndi chifuwa chosadziwika bwino.

Tsono Mkulu wa nyumbayo anali pafupi kupuma pa ntchito, maso atatopa, ndipo mpando wake unali kufuna mwini watsopano. Mpando wake wotani! Wachikopa, wozungulira, wotsamira kutalika ngati chitseko. Tsiku lina Mkulu atapita kukayezetsa maso, a Ndinaneneratu analowa mozemba n'kuuyesa. Unawakhala bwino paliponse kupatula kumapazi, kumene nsapato zinkalendewera ngati za mwana wometedwa tsitsi. Sanataye mtima. Anapita kwa kalipentala n'kukhometsa kampando kopondapo, n'kukabisa pansi pa desiki atakafunditsa nsalu, kudikira tsiku lake.

Vuto linali limodzi, ndipo linkakhala mu ofesi yoyang'anizana ndi yawo. Anali mayi Tiyezenso, amene sukulu anaphunzira yofanana ndi yawo, zaka pa ntchito zofanana, ndipo mpandowo nawonso anaupempha. Mayi ameneyu ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula ankayamba watulutsa dzanja pa windo, kenako linalo. A Ndinaneneratu ankamuona ngati chilango. “Munthu woyeza kawiri,” ankauza aliyense wopezeka pafupi, “ndiye kuti ulendo woyamba anali m'tulo.”

Komiti yosankha Mkulu watsopano inalamula kuti awiriwo adzaonetse ntchito zawo pamaso pa anthu, kenako idzasankhe. A Ndinaneneratu anasanthula m'makabati mwawo kufuna chodzaonetsa, napeza kuti zimene ananeneratu zinali zambiri, koma zimene anachita zinali zoti mphaka uja akanagonapo osamva kufewa. Anayamba kuonda m'khosi.

Ndiye masana ena mwayi unawagwera pa sikirini. Anali kuyang'ana chithunzi cha gulu lina lotayana, gulu laling'ono msinkhu, la makanda enieni, moti ngakhale nyenyezi zake zolemera zinali zikadali zoyera mobiriwira, nyenyeswa za mtambo umene zinabadwiramo zikadali m'mbali ngati matewera osachapa. Koma pakati penipeni pa makandawo panali nyenyezi yofiira, yowala bwino. A Ndinaneneratu anawerengera mofulumira. Ngati ili kutali komweko kumene kuli anzakewo, koma n'kumawala chonchi, ndiye kuti ndi chinyenyezi chachikulu, chofufuma, chokalamba. Nkhalamba pakati pa makanda! Ndiye kuti mabuku onse amanama ponena kuti gulu limabadwa tsiku limodzi. Banja lililonse lili ndi mwana woyamba, ndipo woyamba kumuona anali iwo. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso, n'kuipatsa dzina pomwepo: Chisamba.

Anatsimikiza kuti sauza munthu mpaka tsiku la komiti. Chinsinsicho anachisunga kuchokera pa desiki mpaka ku chipinda chomwera tiyi, kumene anapeza mayi Tiyezenso akudikira ketulo.

“Mayi, mabuku anu aja muyambe kuwasonkhanitsa,” anatero. “Akufunika kwa ogulitsa mtedza, azikulungira.”

“Mwaneneratu chiyaninso, bambo?”

Anawauza zonse, ndi manja omwe. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, akutsuka kapu yoyera kale.

“Zosangalatsa,” anatero. “Mayendedwe ake mwawaona? Ikupita kumene akupita anzakewo?”

Paja kumwamba kuli makina amene ntchito yawo ndi kuyeza mtunda wa nyenyezi ndi kumene iliyonse ikulowera, ndipo zimene amapeza aliyense amatha kuziona pa kompyuta, ketulo isanawire n'komwe. Koma a Ndinaneneratu makinawo ankati ndi ndodo ya akhungu.

“Mayi,” anatero moleza mtima, ngati akulankhula ndi mwana wa eni, “mwana mukamupeza atakhala pakati pa abale ake, pa bwalo la mayi ake, mumamufunsa chiphaso?”

“Pa bwalo pamadutsanso ogulitsa makala, bambo.”

“Wamakala amakhala pakati penipeni?”

“Akatopa amakhala. Bweretsani tione limodzi, si ntchito yaikulu.”

Apo a Ndinaneneratu anazindikira zonse. Tione limodzi! Lero tione limodzi, mawa tinapeza limodzi, mkuja ndinapeza ndine. Anatenga tiyi wawo wopanda shuga, poti shuga anali kumbali ya mayiwo, n'kukadzitsekera mu ofesi.

Kunyumba anthu anaona zakuda. Sabata yonse a Ndinaneneratu ankayeserera zokalankhula, ataima pakati pa balaza, akuloza denga ndi ndodo ya tsache. Akazi awo ankasita zovala pakona.

“Mayi a mwana, mukumva? Ndikafika pa mawu akuti Chisamba ndidzaima pang'ono, kuti anthu aombe m'manja.”

“Nanga akapanda kuomba?”

“Mudzayambitse ndinu. Mudzakhale kutsogolo, mudzavale ngati mkazi wa Mkulu.”

“Mkazi wa Mkulu amavala bwanji? Poti ine ndinazolowera kuvala ngati mkazi wa munthu woneneratu.”

“Muziseka. Tsiku limenelo ndidzabwera ndi mpando kunyumba kuno. Galimoto ya ku ntchito ikadzayamba kuima pakhomo pano mudzaseka bwino.”

“Ndiye nyenyezi yanuyo mwaifunsa kuti kwawo n'kuti? Ineyo pokwatiwa ndinalakwitsa pomwepo, sindinafunse mokwanira.”

“Inunso mwayamba kuyezanso?” anakalipa a Ndinaneneratu. Mayiwo anangotembenuza malaya n'kupitiriza kusita kolala.

Tsiku linafika. Msonkhano unali m'mawa, mu holo ya denga lozungulira ngati mphika wovundikira, mmene makina amaonetsa thambo lonse padenga ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Makinawo anali ndi kagudumu kake: ukakapotoza, zaka zikwizikwi zimadutsa ngati mphindi, nyenyezi iliyonse n'kumayenda monga mmene makina akumwamba aja anaiyezera. Holoyo nthawi zambiri inkalandira ana a sukulu, ndipo a Ndinaneneratu kagudumuko anali asanakakhudzepo. Ankati ndi chidole. Analawirira anthu asanabwere n'kuika kampando kawo kuseri kwa gome lolankhulirapo, kuti komiti idzaone munthu osati tsitsi lokha.

Anthu anadzaza. A komiti kutsogolo ndi mabotolo awo a madzi, Mkulu ndi magalasi atsopano okhuthala ngati pansi pa botolo, ogwira ntchito onse, ndi akazi a a Ndinaneneratu atavala diresi imene inali yosasiyana ndi ya masiku onse.

Anayamba mayi Tiyezenso. Analankhula za gulu lina lokalamba, mmene anasankhira nyenyezi imodziimodzi kuti iyi ndi ya m'banjamo, iyi ndi yodutsa, mmene anayezera, ndi mmene anayezeranso. Wa komiti mmodzi anayamba kuvomereza ndi mutu zinthu zimene sizinanenedwe. A Ndinaneneratu mtima unali m'malo, mpaka anamvera mayiwo chisoni pang'ono. Koma pomaliza mayiwo anazimitsa magetsi n'kupotoza kagudumu kaja. Padenga nyenyezi za gulu lawo zinanyamuka pamodzi, pang'onopang'ono, ngati banja losamuka, wamkulu ndi wamng'ono njira imodzi, zina zonse zikungodutsana uku ndi uku. Holo yonse inati, “Aaa!” Wogona uja anadzuka n'kuyamba kuomba m'manja asanadziwe chifukwa chake, ena onse n'kutsatira.

Kuomba kumeneko kunawalowa a Ndinaneneratu ngati munga wa m'nsapato.

Anakwera pa kampando kawo n'kuyamba. Kunena zoona, pakamwa anali napo. Anayambira pa ubwana wawo, mmene aphunzitsi ankawaopera, anadutsa pa chithunzi cha mu ofesi chija, pamene kutsogolo kunamveka kachifuwa, n'kufika pa gulu la makanda. Analionetsa padenga, analoza nyenyezi yofiira ija ndi kamuuni ka m'manja, ananena kuti mabuku onse alembedwenso. “Ndipo ine ndaitcha Chisamba!” Anaima. Akazi awo anaomba kawiri ngati akupha udzudzu, koma anthu anatsatira, ndipo a komiti ankayang'anana akugwedeza mitu. Wapampando wa komiti ananong'oneza mnzake mawu amene aliyense anawamva: “Izitu ndiye zazikulu.”

Mpando wachikopa uja unali utayamba kale kuwatambasulira manja. Chimene chinatsala chinali kunena zikomo n'kukhala pansi.

Koma khutu la a Ndinaneneratu linali litayeza, ndipo ulendo uno linayeza kawiri. M'manja mwa mayi Tiyezenso munamveka kwambiri kuposa mwawo. Komanso iwo sanalandire “Aaa!” Munthu wogwetsa mabuku a dziko lonse angapambanidwe ndi chidole? Anatsika pa kampando, anthu n'kudabwa kuti wolankhula walowera kuti, n'kutulukira pa makina paja.

“Zimene mwaona poyamba zija ndi masewera,” anatero. “Tsopano muone mmene mwana wachisamba amatsogolera azing'ono ake pa ulendo.”

Mayi Tiyezenso anadzuka theka. “Bambo, mwina muyambe mwaona panokha…”

“Khalani pansi, mayi. Nthawi yanu munaidya kale, ndi mbale yomwe.”

Mayiwo anakhala. A Ndinaneneratu anagwira kagudumu n'kupotoza ndi mphamvu za munthu wotsegula mpopi wadzimbiri.

Makanda aja ananyamuka bwinobwino, onse pamodzi, kulowera kumanzere, mwakachetechete ngati ana olangizidwa. Chisamba sanayang'ane n'komwe kumene akupita. Anatuluka pakati pawo kulowera kumanja, osati kuyenda ayi, kuthawa, ngati munthu amene waona wangongole pa msika. Anadutsa pamwamba pa mitu ya a komiti, mitu yonse ikutembenuka kumutsatira, anatsetsereka ndi denga, n'kukazimirira pamwamba pa chitseko chotulukira.

“Aaa!” inatero holo. A Ndinaneneratu anailandira “Aaa!” yawo, koma sinali ya mtundu umene anaitanitsa.

“Akukaona njira,” anatero. “Mwana wamkulu amatero. Abwera.”

Anapotozanso. Makanda anapitiriza ulendo wawo. Kuchitseko kunali zii.

“Makinawa ndi owonongeka. Ana a sukulu amawaseweretsa.”

“Anali bwino posachedwapa,” anatero Mkulu, akudzuka pang'onopang'ono. “Tabwezani kumbuyo, bambo. Ehe, pomwepo. Tsono dinani pa nyenyezi yanuyo, makina atiuze mtunda wake.”

Panalibe pothawira. A Ndinaneneratu anadina ndi chala chimene sichinkafuna, ndipo manambala anatuluka padenga, akuluakulu, oti ngakhale maso opuma pa ntchito awerenge. Mkulu anakweza magalasi, anawatsitsa, n'kutsokomola.

“Gululi lili kutali kwambiri,” anatero mofatsa. “Koma mnzathuyu ali pakhomo pathu pompano. Si nkhalamba yofufuma ayi. Ndi kanyenyezi kakang'ono, kofiira chibadwire, ka mtundu umene uli mbwee kumwambaku. Kakuoneka kakakulu chifukwa kali pafupi. Kanangopezeka kakudutsa kutsogolo pamene banja la eni ake likujambulidwa.”

Ndiye kutsogolo kunamveka chifuwa chija. Chinayamba ngati masiku onse, koma ulendo uno chinakana kubwerera. Akazi a a Ndinaneneratu anagwira pakamwa, anagwira pamimba, kenako anangozisiya.

“Mayo ine! Ngati chithunzi chija!”

“Mayi a mwana!” anatero a Ndinaneneratu.

“Ayi bambo, ndapirira zaka zambiri, nthiti zanga zatopa. Anthuni, chithunzi cha mu ofesi chija! Akuluakulu aja anali atandanda kuti awajambule wojambula wawo. Awa akuchokera kotenga tiyi, n'kudutsa kutsogolo, n'kuima, n'kundipatsa kapu kuti, ‘Gwira, jambula msanga asanandithamangitse!’ Anali pafupi ndi ine chonchi, ndikanatha kuwakonza tayi. Ndiye nyenyezi yawoyo yalakwa chiyani? Yatengera bambo ake!”

Chimene chinachitika mu holomo si kuseka, kunali kugumuka kwa khoma. Wa komiti wogona uja madzi anamutulukira m'mphuno. Mkulu anavula magalasi n'kumapukuta misozi ndi tayi. Ngakhale mayi Tiyezenso, amene nthabwala ankayamba aiyeza asanaseke, anabisa nkhope m'mapepala awo, mapewa akugwedezeka.

A Ndinaneneratu anayang'ana kumanzere kumene kunapita makanda, anayang'ana kumanja kumene kunathawira Chisamba, n'kuona kuti mwa njira ziwirizo yanzeru inali ya Chisamba. Koma chizolowezi ndi matenda. Anakweza chala, anakonza kukhosi.

“Kunena zoona, anzanga, zoti nyenyezi imeneyi ingakhale yodutsa, ine ndina…”

“Ndinaneneratu!” inamalizitsa holo yonse ndi mawu amodzi, ngati kwaya yophunzitsidwa bwino.

Wapampando wa komiti, akupumira m'mwamba, anadutsa pafupi nawo osawaona n'kukagwira dzanja la mayi Tiyezenso ndi manja awiri. Mkulu anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa ofesi ya mpando wachikopa, ndipo mayiwo anamulandira, n'kumutembenuza kuti aone mbali inayo.

A Ndinaneneratu anali atafika kale pa chitseko, pansi penipeni pa pamene mwana wawo anazimiririra, pamene akazi awo anawaitana. Mayiwo anali atapita kuseri kwa gome, ndipo ankabwera atanyamula kampando ka kalipentala m'mwamba kuti aliyense akaone.

“Bambo a mwana, dikirani! Paja munati lero mubwera ndi mpando kunyumba. Nawu, musauiwale!”